Kodi boma la Nkhotakota linayamba bwanji, nanga malire ake anawaika ndani?

Nabanda wa ku Benga analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka kwa akuluakulu amene mumadziwa mbiri ya dera lathu lino la m'mbali mwa nyanja. Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale kuno ku Benga, m'dera la Mfumu Yaikulu Mwadzama, ndipo sabata yathayi ndimaphunzitsa ana za boma lathu. Ndinajambula mapu pabolodi monga momwe ndimachitira chaka ndi chaka: nyanja kum'mawa, Nkhata Bay kumpoto, Mzimba ndi Kasungu chakumadzulo, Ntchisi ndi Salima chakumwera. Nditaika choko pansi, mtsikana wina amene amakhala kumbuyo kwenikweni, yemwe kawirikawiri satsegula pakamwa m'kalasi, anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Madamu, mizere imeneyi anayamba kuijambula ndani? Nanga bwanji timatchedwa a ku Nkhotakota pomwe amayi anga akafuna katundu wa paokala amakapikula ku Salima?"

Ndinamuyankha kuti malire anaika ndi boma, koma nditafika kunyumba mtima sunakhale pansi, chifukwa ndinazindikira kuti mwanayo ndamupatsa yankho lopanda kanthu m'kati. Boma lake liti, ndipo linayang'ana chiyani poika malirewo? Ndikupempha kuti mundithandize pa zinthu zitatu. Choyamba, dzina loti Nkhotakota linachokera kuti? Chachiwiri, n'chifukwa chiyani boma lathu lili lalitali chotere, moti munthu wa ku Dwambazi ndi munthu wa kuno ku Benga amasiyana ngakhale chiyankhulo, koma onse amasonkhana kwa DC mmodzi? Chachitatu, ndinamvapo kuti kale Ntchisi inali mbali ya boma lino, ndiye ndikufuna kudziwa ngati zimenezi zili zoona. Ndikufuna kuti Lolemba ndikabwerere kwa mwanayo ndi mawu ogwirika.

aPhiri a ku Linga anayankha kuti:

Zikomo Madamu chifukwa chosaliponya kutchire funso la mwanayo. Inenso ndinagwira choko zaka zambiri ndisanapume, ndipo ndikudziwa kuti mafunso amene amachokera kumbuyo kwa kalasi ndi amene amatipeza tisanakonzeke.

Ndiyambe ndi dzina. Akuluakulu a kuno amalimasulira kuchokera ku mawu oti kukhotakhota, kunena za mmene gombe limapindikira pano pa boma. Mukaima padoko n'kuyang'ana kunyanja, mudzaona mchenga wa Sungu utatambalala ngati mkono wotchinga, ndipo kuseri kwake madzi amakhala bata ngakhale mwera utalusa kunja. Azungu lilime linawakanika, ndiye ankalemba kuti Kota Kota, ndipo dzina limeneli ndi limene mudzalipeze m'mabuku onse a nthawi ya atsamunda. Kalembedwe koti Nkhotakota kanabwezeretsedwa dziko litayamba kudzilamulira.

Ndayamba ndi gombe lokhotalo dala, pakuti m'maganizo mwanga ndi lomwe linabala boma lonse. M'zaka za m'ma 1840 kunafika Mswahili wina wochita malonda, dzina lake Salim bin Abdallah, amene anakhazikika pano n'kutenga udindo wa Jumbe. Chimene chinamukopa chinali doko lobisika bwino, pomwe zombo zamatanga zikanatha kukocheza ndi kunyamuka kuwolokera kutsidya la kum'mawa, kumene kunali njira yapansi yopita ku Kilwa, kugombe la nyanja yamchere. Katundu wake anali minyanga ya njovu ndi anthu. Zimenezi tisazipsatire pouza ana: anthu ankagwidwa kumtunda, kubwera nawo pano ali m'magoli, kusungidwa, kenako kuwolotsedwa, ndipo ambiri sankafika kumene ankapita nawo. David Livingstone anadutsa pano mu 1861, n'kudzabweranso mu 1863, pomwe anakumana ndi Jumbe ndipo anaona ndi maso ake malonda amenewa. Mkuyu umene amati anakhala pansi pake pokambirana ukadalipo kumishoni ya Anglican, pafupi ndi chipatala cha St Anne's.

Ma Jumbe analipo anayi motsatizana. Wachitatu, Tawakali Sudi, ndi amene anapangana pangano ndi Harry Johnston, nthumwi ya boma la Angerezi, mu 1889, ndipo iye atamwalira mu 1894, womulowa m'malo sanakhalitse, pakuti Angerezi anamuchotsa n'kumutumiza ku Zanzibar. Apa ndi pamene pagona yankho la funso la mwana wanu. Angerezi, amene anali atalengeza dziko lino kukhala pansi pa chitetezo chawo mu 1891, sanapite kukasaka malo atsopano omangapo ofesi. Anakhala pomwe panali kale mudzi waukulu, doko ndi njira zochokera kumtunda, ndipo dera lonse limene linkayang'ana kwa Jumbe analitcha boma la Marimba, likulu lake lili pa Kota Kota. Choncho mizere yoyamba inajambulidwa ndi atsamunda, koma inatsata mapazi a amalonda amene anawatsogolera.

Pali chinthu china chimene ndimafuna ana athu atachidziwa. Ena amaphunzitsa kuti mawu oti boma ndi chidule cha mawu a Chingerezi, koma si zoona ayi. Ndi mawu a Chiswahili otanthauza mpanda wotchinjiriza anthu kapena ziweto, ndipo analipo Angerezi asanabwere. M'Chichewa mpanda wotero timautcha linga, lomwe ndi dzina la dera lino limene ndikulemberali. Ndiye kuti pamalo amodzi omwewa panasanjikizana mipanda iwiri, wa Jumbe ndi wa mtsamunda, ndipo mayina onse awiri tikuwatchulabe tsiku ndi tsiku osaganizako kumene anachokera.

Nankhoma wa kwa Malengachanzi anayankha kuti:

Bambo aPhiri, zimene mwalembazi ndi zoona ndipo ndaphunzirapo zambiri, koma mundilole ndidandaule pang'ono, mwaulemu wonse. Nthawi zonse tikamakamba mbiri ya boma lino timayambira pa Jumbe, ngati kuti iye anapeza gombe lopanda anthu. Chikhalirecho anapeza Achewa ali ndi midzi yawo, mafumu awo, minda ndi mabwato awo, ndipo malo amene anakhalapo anachita kupempha kwa Mfumu Malengachanzi. Anabwera ngati mlendo, ndipo mphamvu zake zinakula pang'onopang'ono chifukwa anali ndi mfuti ndi nsalu, komanso chifukwa nkhondo za Angoni kumtunda zinkathamangitsira anthu kunyanja, komwe ankakabisala m'linga lake. Munthu wothawa mkondo sasankha mpanda, ndipo umo ndi mmene mlendo anasandukira mwini mudzi.

Ndikunena zimenezi chifukwa Madamu afunsa za malire, ndipo malire amene anthu amawadziwa ndi kuwamva m'moyo mwawo si a DC ayi, koma a mafumu. Mukamufunsa gogo wa kumudzi kuti kwanu n'kuti, sadzanena kuti ku Nkhotakota. Adzati kwa Malengachanzi, kwa Mphonde, kwa Mwadzama, kwa Mwansambo, kwa Kanyenda kapena kwa Kafuzira, ndipo mukamufunsitsa adzatchula gulupu ndi nyakwawa yake. Atsamunda atafuna kutolera msonkho wa nyumba ndi kupeza anthu amtengatenga, anaona kuti sangathe popanda mafumuwa. N'chifukwa chake mu 1912 anakhazikitsa lamulo losankha mafumu ena kuti akhale pamwamba pa anzawo, ndipo mu 1933 anawapatsa mphamvu zoweruza milandu ndi kuyendetsa madera awo m'dzina la boma. Posankhapo ena anakwezedwa ndipo ena anatsitsidwa, mwakuti mikangano ina ya ufumu imene timaimva lero mizu yake ili m'nthawi imeneyo. Komabe boma monga tikulionera pamapu ndi mtolo wa madera a mafumu amenewa, omangidwa pamodzi ndi luzi la mtsamunda.

Ndiwonjezere kuti mbiri ya Jumbe sitingaitaye kunja ngati chinthu cha alendo okhaokha, popeza inalowa m'magazi mwathu ndi m'miphika mwathu. Agogo anga aakazi anali Msilamu wa ku Linga, agogo aamuna anali a Anglican, ndipo m'banja mwathu timadyera limodzi pa Eid ndi pa Khirisimasi pomwe. Chisilamu chinafika ndi Aswahili, ndipo mpunga umene boma lino limatchuka nawo unafalikira m'nthawi yawo. Ndimakumbukira ndili mwana, mwezi wa Meyi ndi Juni, mabwalo onse atayalidwa mphasa zoyanikapo mpunga wa faya, ife ana tikupatsidwa ntchito yoingitsa nkhuku, fungo lake likumveka ngakhale usanaphikidwe. A mishoni ya UMCA, ya mpingo wa Anglican, anafika mu 1894, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895, anaikidwa konkuno. Mzikiti ndi tchalitchi zakhala moyandikana kuyambira nthawi imeneyo. Mwana wa ku Benga ayenera kumva zonsezi, koma ayambe wamva kuti makolo ake analipo kale zisanachitike.

Mwale wa ku Dwangwa anayankha kuti:

Ine mbiri ndiisiya m'manja mwa akuluakulu amene ayankha kale. Ndiyankhako funso lachiwiri, la kutalika kwa boma, chifukwa ntchito yanga ya ulangizi wa zaulimi yandiyendetsa panjinga yamoto kuyambira ku Dwambazi mpaka kumalire ndi Salima, ndipo nthaka yake ndimaidziwa ndi mapazi.

Madamu, mukafuna kuti ana amvetse maonekedwe a boma lathu, musayambe ndi mizere ya malire. Yambani ndi masitepe atatu. Sitepe ya pansi ndi nyanja, imene ili m'chigwa chachikulu chomwe chinapangika nthaka itang'ambika n'kutitimira kalekale. Sitepe yachiwiri ndi chidikha cha m'mbali mwa nyanja, chotentha, cha madambo ndi mchenga, pomwe padutsa msewu wa M5 ndipo pamakhala anthu ambiri. Sitepe yachitatu ndi zitunda ndi mapiri a kumadzulo, okwera kulowera ku Ntchisi, Kasungu ndi Mzimba. Boma lathu ndi lalitali chifukwa chidikhacho n'chachitali ndiponso chopapatiza, chopanikizika pakati pa madzi ndi mapiri. Kale kuyenda motsata gombe pabwato kapena pasitima kunali kosavuta kuyerekeza ndi kukwera mapiri a nkhalango, ndiye munthu wokhala pa Kota Kota ankatha kufikira midzi yakutali ya m'mbali mwa nyanja msanga kuposa midzi yapafupi ya kumtunda. Umboni woti nthaka ya pansi pathu inang'ambikadi uli pa Mawira, pafupi ndi boma, pomwe madzi otentha amatumphuka okha. Mukapitapo m'mamawa mwezi wa Juni mudzapeza nthunzi ili tolotolo, amayi akuchapa, ndipo pamene akutulukira penipeni simungaviikepo dzanja nthawi yaitali.

Kukula kwa boma lonse ndi masikweya kilomita oposa 4,200, koma chiwerengero chimenechi chimanamiza munthu akapanda kudziwa kuti nkhalango yosungirako nyama ya Nkhotakota payokha ndi pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo mbali yake yaikulu ili m'boma lino. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 393,000, ndipo ambiri mwa iwo adzadzana m'kachidikha kaja. N'chifukwa chake nkhani za malo zimavuta kuno ngakhale pamapu pakuoneka ngati malo ndi ambiri. Nkhalangoyi yakhala m'manja mwa bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuyambira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Ndimaona kuti pali chinthu chokhudza mtima pamenepa, kuti dera lomwe linkatumiza minyanga kunja mpaka njovu kutsala pang'ono kutha, lero likulandira njovu zobwera pamagalimoto. M'nkhalango yomweyi muli kashembe, ntchentche imene imafalitsa matenda a kaodzera, ndipo imeneyi inathandizira kuti dera la kumtundali likhale la anthu ochepa ndi ng'ombe zochepa.

Tsono mitsinje ndi imene imalumikiza masitepe atatuwa, ndipo ndi imene ana anu angaigwire msanga. Bua amachokera kutali ku Mchinji, n'kudutsa m'chigawo chapakati, kutsetsereka m'nkhalango ndi kudzathira m'nyanja kumpoto kwa boma. Ndi mtsinje umene mpasa zimakwera kukaswana, ndipo asodzi akale ankadziwa nyengo yake popanda kalendala. Dwangwa amachokera ku Kasungu, ndipo dothi limene wakhala akutsitsa kwa zaka zosawerengeka ndi lomwe linapanga chidikha chachonde pomwe pali minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga, imene inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo lero ili m'manja mwa Illovo. Mtsinje womwewu ukakwiya umakumbutsa anthu kuti chidikhacho n'chake, monga tinaonera m'chaka cha 2024 pomwe madzi osefukira anagwetsa nyumba ndi kudula msewu kuno. Kulinso Kaombe pafupi ndi boma, ndipo chakumwera, panjira yobwera kwanuko, kuli thamanda lalikulu la Chia, limene limalumikizana ndi nyanja kudzera pa kamtsinje kodutsa pansi pa mlatho wa M5, pomwe amayi amagulitsa chambo ndi mlamba m'mbali mwa msewu.

Za kusiyana kwa chiyankhulo, n'zoona kuti mukawoloka Dwangwa kulowera kwa Kanyenda ndi kwa Kafuzira mumayamba kumva Chitonga chochuluka, chifukwa kumeneko tayandikana ndi Nkhata Bay, ndipo malire a boma sanatsate malire a ziyankhulo. Fakitale ya shuga nayo inasonkhanitsa anthu ochokera m'zigawo zonse, moti pamsika wa Dwangwa mumamva Chichewa, Chitonga, Chitumbuka, Chiyao ndi Chisena tsiku limodzi. Koma chakudya chimatigwirizanitsa. Kuyambira kumpoto mpaka kumwera kwa boma mudzapeza chinangwa chitaviikidwa m'madzi, china chikuuma pathandala, ndipo madzulo kondoole ndi usipa zili pamphasa.

aMbewe a ku Khombedza anayankha kuti:

Ine ndine mnansi wanu wa ku Salima, ndipo ndalowererapo chifukwa cha mbali ina ya funso la mwanayo imene sinayankhidwe, yoti bwanji amayi ake amakapikula katundu kwathu kuno. Mwanayo waona chinthu chenicheni. Benga ali chapakatikati pa matauni awiriwa, ndipo malonda satsata malire a DC, amatsata msewu ndi mtengo wa katundu.

Maboma athu awiriwa ndi apachibale, koma anabadwa mosiyana. Nkhotakota inabadwa ndi doko, pomwe Salima inakula ndi njanji. M'nthawi ya atsamunda dera lathu lino linkayendetsedwa kuchokera ku Dowa, kumapiri, ndipo malo odziwika m'mbali mwa nyanja anali Domira Bay, komwe kunkalimbikitsidwa ulimi wa thonje. Njanji yochokera ku Blantyre itafika pa Salima mu 1935, masitolo, madepoti ndi anthu zinasonkhana pamathero a njanjiyo, ndipo n'chifukwa chake tauni ya Salima ili kumtunda, makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku Senga Bay, osati pagombe ngati yanu. Doko la Chipoka ndi lomwe linalumikiza njanji ndi sitima za panyanja. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, Salima inapezeka kuti ili pakhomo pa likulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14, ndipo katundu wambiri wopita kumpoto motsata nyanja amadutsira pano. Pamene dziko linasiya kudalira madzi n'kuyamba kudalira njanji ndi misewu, mphamvu ya malonda inasunthira kwathu, ngakhale kuti mbiri yakale ndi ulemu wake zinatsala kwanu.

Pamalo Salima ndi yaing'ono, pafupifupi theka la Nkhotakota, koma kalembera yemweyo wa 2018 anapeza anthu oposa 478,000, kuposa a kwanu, chifukwa ife tilibe nkhalango yaikulu ngati yanu ndipo chidikha chathu n'chotambalala. Kwathu mvula ndi yocheperapo ndipo malambe ndi ambiri, kwanu mvula ndi yochuluka ndipo mitengo ndi yobiriwira nthawi yaitali. Aliyense amene wakwerapo minibasi kuchoka pa Kamuzu Road kupita ku Nkhotakota waona kusinthaku ndi maso, malambe akuchepa, minda ya chinangwa ndi madambo a mpunga zikuchuluka. Mitsinje yathu ndi Linthipe, amene amalandira madzi a mtsinje wa Lilongwe, komanso Lingadzi ndi Lifidzi. Mafumu athu nawo akusonyeza mbiri yosakanikirana, pakuti pali a Chichewa monga Kalonga ndi Khombedza, ndi a Chiyao monga Maganga, Pemba, Makanjira ndi Bibi Kuluunda.

Pomaliza ndinene za panyanja, pomwe malire a maboma amasungunuka. Pachilumba cha Mbenji, chimene chili m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa m'nyengo ya dzinja ndi kutsegulidwa mvula ikatha, mwa lamulo la mfumu, ndipo asodzi a ku Salima, a ku Nkhotakota ngakhalenso ochokera kumpoto onse amalimvera. Pamenepo msodzi safunsidwa kuti DC wake ndani. Mayi Nankhoma anena zoona kuti mphamvu ya mafumu ndi yakale kuposa mizere ya pamapu.

aPhiri a ku Linga anabweranso kuti:

Mayi Nankhoma, kudzudzula kwanu ndakulandira ndi manja awiri. Ndinaphunzitsidwa ndi mabuku amene ankayamba mbiri ya malo alionse pa tsiku limene mlendo anafikapo, ndipo chizolowezi chimenecho sichichoka msanga ngakhale munthu atakalamba. Madamu ayambe ndi Achewa ndi mafumu awo, kenako Jumbe, kenako atsamunda.

Ndabweranso kuti ndiyankhe funso lachitatu, limene tonse talilumpha. N'zoona kuti Ntchisi inali pansi pa Kota Kota m'nthawi ya atsamunda, ndipo boma la Marimba linali lalikulu kuposa Nkhotakota ya lero, pakuti linkafika mpaka kumtunda ku Kasungu. Kumapeto kwa 1895 asilikali a boma ananyamuka kuno kukamenyana ndi Mfumu Mwase ya ku Kasungu, ndipo atapambana dera limenelo linayamba kuyang'aniridwa kuchokera kunyanja kuno, kufikira pamene linadzapatsidwa boma lakelake. Za Ntchisi umboni wake ukadaimirira: nyumba yakale ya m'mphepete mwa nkhalango ya phiri la Ntchisi, imene lero ndi malo ogona alendo, inamangidwa kuti DC wa ku Kota Kota azikapumulirako akathawa kutentha ndi udzudzu wa kunyanja. Tauni ya Ntchisi nthawi imeneyo inkatchedwa Visanza. Anthu atachuluka ndi misewu ya kumtunda itatseguka, panalibenso chifukwa choti mlimi wa fodya ndi mtedza wa ku Ntchisi azitsika mapiri kudzaonana ndi boma kunyanja, ndiye madera a kumtundawo anapatuka, ife n'kutsala ndi gombe ndi nkhalango. Apa mukuona kuti mawu a achimwene a ku Dwangwa ndi anga akukumana: boma linayamba lalikulu motsata njira za malonda, kenako linaphwera mpaka kufanana ndi maonekedwe a nthaka.

Zogawa dziko m'zigawo zinayamba mu 1921, pomwe atsamunda anagawa Nyasaland m'zigawo zitatu. Lero chigawo chathu chapakati chili ndi maboma 9 mwa maboma 28 a dziko lino, ndipo mwa amenewa atatu okha, Nkhotakota, Salima ndi Dedza, ndi amene amakhudza nyanja. Muwauzenso ana kuti malire si chinthu chouma ngati mwala, chifukwa ngakhale m'masiku athu ano maboma atsopano abadwa, monga Balaka, Phalombe, Likoma ndi Neno, amene anachita kupatulidwa ku maboma ena.

Chinthu chimodzi ndisaiwale, popeza chimandipatsa kunyada. Mu 1960, ufulu usanabwere, chipani cha Malawi Congress chinachititsa msonkhano wake waukulu konkuno ku Kota Kota, pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anapatsidwa utsogoleri wa chipanicho wa moyo wake wonse. Anthu amaweruza mosiyanasiyana zimene zinatsatira chigamulo chimenecho, ndipo ali ndi zifukwa zawo, koma n'zosakanika kuti pagombe pomwe pankachokera akapolo ndi pomwe panadzakambidwanso za kudzilamulira kwa dziko, zaka zinayi ufulu wa pa 6 Julaye 1964 usanafike.

Nabanda wa ku Benga anayankha kuti:

Ndikuthokozeni nonse, Bambo aPhiri, Mayi Nankhoma, achimwene a ku Dwangwa ndi Bambo aMbewe, chifukwa mwandipatsa zoposa zimene ndinapempha. Ndawerenga mayankho anu kawiri, ndikulemba m'kope, ndipo ndaona pamene ndinkalakwitsa zaka zonsezi: ndinkayamba ndi mizere, pomwe mizereyo ndi imene inabwera pomalizira penipeni.

Lolemba sindijambula pabolodi. Ndiwatulutsa ana panja pabwalo la mchenga, tikaunjike dothi mbali ya kumadzulo kuti likhale mapiri, tikakumbe ngalande mbali ya kum'mawa kuti ikhale nyanja, kenako mwana mmodzi akathire madzi a m'ndowa pamwamba pa phirilo kuti onse aone mmene Bua ndi Dwangwa amatsikira ndi kumene dothi limakaunjikana. Tikaika miyala pa midzi ya mafumu, chikho cha lambe pa doko lokhota lija, ndipo chingwe cha malire ndidzachipereka kwa mtsikana amene anafunsa uja kuti achiyale yekha pomaliza. Ndawauza kale kuti aliyense akafunse agogo ake kumene makolo awo anachokera ndi mfumu imene inawapatsa malo, ndipo mayankhowo tidzawalemba papepala lalikulu lopachika m'kalasi.

Bambo aPhiri, ndili ndi pempho limodzi. Aphunzitsi aakulu avomera kuti teremu ikubwerayi, makolo akasonkha ya galimoto, tidzabwere ndi ana ku boma kudzaona mkuyu uja, doko ndi Mawira, ndipo pobwerera tidzaime pa mlatho wa Chia. Ambiri mwa ana amenewa sanafikepo pa likulu la boma lawo. Ngati thanzi lidzakulolani, ndingakondwe mutadzatilandira pansi pa mtengowo kuti adzamve nkhani ya Linga kuchokera pakamwa panu, ndipo Mayi Nankhoma akadzapezeka adzayambe ndiwo kuyankhula.